Malonje a Phungu wa ku Tatopa

Amene amanena kuti mu Ufumu wa Zilibwino munthu saloledwa kulankhula ndi abodza, ndipo mukakumana nawo muwauze choncho. Kulankhula n'kololedwa. M'Nyumba ya Malamulo ya mumzinda wa Gwadani phungu aliyense ali ndi ufulu woimirira n'kunena chimene chamuwawa, ngakhale kudzudzula Mfumu imene. Chimene amapemphedwa n'chaching'ono chabe: ayambe wapereka malonje.

Malonjewo ndi mayina aulemu a Mfumu Sindichoka Wachiwiri, onse, m'ndondomeko yake. Mkango Wosaodzera. Mwini Mvula ndi Mitambo Yake Yomwe. Mlimi Wamkulu Wosadetsa Manja. Tate wa Mapasa Onse a M'dziko Muno. Wotsegulira Milatho Ngakhale Pamene Mtsinje Sudafike. Dokotala wa Matenda Amene Sadabwere. Apa ndangotolako a pamwamba. Mayinawo amaswana chaka ndi chaka, pakuti Mfumu ikangoyetsemula pagulu, nduna ina imaonapo dzina. Phungu wodumpha dzina limodzi, kapena kulipotoza, amalandidwa mpando, galimoto ndi nyumba ya boma, n'kupita kukapuma kundende ya Pumulani.

Nthawi yolankhulira nayo ili ndi muyeso wake. Ku Zilibwino wotchi saikhulupirira, ati ndi ya anthu opupuluma. Phungu akaimirira, Sipikala amatenga chidutswa cha nzimbe n'kuyamba kudya, ndipo akalavula komaliza ndiye kuti nthawi yatha. Sipikala wake, a Bulazio Mkutumula, sadawasankhire nzeru. Adawasankhira mano. Chikhalire panalibe phungu amene adamalizapo malonje nzimbe isadathe, n'chifukwa chake mbiri ya Nyumbayo imaonetsa kuti palibe adadandaulapo kanthu, ndipo alendo ochokera kunja amapita kwawo akugoma ndi mtendere wa dzikolo.

A Polikapo Chisuse adalowa m'Nyumba imeneyi ndi pakamwa potchuka dziko lonse. Adali loya, komanso ndiwo adayambitsa nyuzipepala ya Tsabola, imene anthu ankaigula ataipinda mkati mwa nyuzipepala ya boma. Ndiwo adalemba kuti nduna ya zamadzi imasamba madzi a m'botolo pamene mipope ya mu Gwadani ikungotulutsa mphepo. Nduna zikawasumira ankadziimira okha, n'kupambana, poti masiku amenewo m'makhoti munalibe za malonje. Loya ankangoti "Wolemekezeka" basi, n'kuyamba kuswa mfundo. Anthu a dera la Tatopa Kummwera ataona choncho adati munthu wa pakamwa chotere akatilankhulire, ndipo adawasankha. Nduna zidathamangira kwa Mfumu kukadandaula, koma Mfumu idangoseka.

"Mlekeni abwere," idatero. "Mumpatse galimoto ya mipando yofewa."

Adabweradi. Ulendo woyamba adaimirira ndi nkhani ya misewu ya ku Tatopa, ndipo nzimbe idatha ali pa Tate wa Mapasa. Ulendo wachiwiri adafika pa Milatho. Kenaka adazindikira kuti mpando wawo uli pafupi ndi zenera lolowa kamphepo kayeziyezi, ndiponso kuti chakudya chamasana cha aphungu chimabwera ndi nyama ya mitundu iwiri. Mimba idayamba kutsogola. Mtima wokha sudafe ayi, unkangogona.

Tsabola adasiyira mlamu wawo, Esinati Kamtedza, mng'ono wa akazi awo, mzimayi amene adayamba ntchito ngati wokonza zolakwika m'nkhani za ena ndipo sadasiye khalidwelo ngakhale pocheza ndi anthu.

Tsiku lina nduna ya zofalitsa nkhani, a Fideli Mtontholo, idabwera m'Nyumba ndi lamulo latsopano. Nduna sizipereka malonje, chifukwa zimapereka kale m'mawa uliwonse kunyumba ya Mfumu zili chogwada, choncho a Mtontholo adalankhula mpaka kukhuta.

"Anthu athu akupsa," adatero, dzanja lili pachifuwa. "Nkhani zikuwapeza zikadali pamoto. Munthu wangodzuka, sadasukusule n'komwe, akumva kuti mankhwala asowa kuchipatala. Kodi mtima wa munthu ungapirire zimenezo? Boma lachikondi likuti nkhani iliyonse iyambe yaperekedwa ku ofesi yanga, ikhale m'chipinda chozizira chaka chathunthu, kenaka ituluke ili yoti ngakhale mwana angaimeze. Wosindikiza nkhani ikadali yotentha akaziziritsidwe yekha ku Pumulani."

Aphungu adaomba m'manja mpaka ena adadzuka kutulo. Lamulo Loziziritsa Nkhani lidaikidwa kuti lidzavomerezedwe pa msonkhano wotsatira.

Madzulo ake a Polikapo adapita ku ofesi ya Tsabola, imene ili pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Adakwera makwerero akupumira m'mwamba, ndipo adapeza Esinati atapinda manja a bulauzi, inki ili mpaka m'zigongono.

"Alamu, mwanenepa," adatero Esinati osawapatsa mpando.

"Ndi mavuto a dziko, alamu. Amatupitsa."

"Ndamva za lamulo lanu. Ndani adzagule nyuzipepala yonena kuti chaka chatha kudagwa mvula? Tsabola wafa ameneyu. Koma ine ndikuuziranitu, sindisiya. Ndidzasindikiza zotentha, adzandimange. Mukawauze achemwali anga ayambiretu kuphunzira njira ya ku Pumulani."

A Polikapo adali kumudziwa Esinati: akanena chinthu sabweza. Ndipo makina akale osindikizira nyuzipepala, amene adawagula atagulitsa njinga yawo yamoto, adali pomwepo akununkha mafuta monga kale. Manyazi adawagwira, ndipo manyaziwo adadzutsa loya amene adali mtulo.

"Njira ilipo," adatero. "Malamulo a Nyumba amati phungu mmodzi yekha akanena momveka kuti 'ndikukana', lamulo limabwezedwa kukomiti. Ndipo kukomiti ya Zilibwino kulibe chimene chidabwererako chamoyo."

"Ndiye mukanene."

"Mawu onenedwa malonje asadathe sawerengedwa. Amatengedwa ngati chifuwa."

"Ndiye mukamalize malonjewo."

"Alamu, palibe adamalizapo."

"Palibe adafunapo kumaliza," adatero Esinati, n'kubwerera pa makina ake.

Kuyambira tsiku limenelo a Polikapo adasanduka munthu wina. Ankanena mayina a Mfumu posamba, povala nsapato, poyembekeza tiyi. Galimoto adaisiya, ankayenda wapansi kuti chifuwa chitakasuke, akung'ung'udza Mkango Wosaodzera potsika ndi Mwini Mvula pokwera chitunda. Adaphunzira popumira, pomeza malovu, ndi mayina amene angathe kulumikizana mu mpweya umodzi popanda kupotoka. Nyama ya mitundu iwiri ija adaikana. Akazi awo adadandaula kuti adakwatiwa ndi loya koma tsopano akukhala ndi wailesi ya boma. Mimba idabwerera m'malo mwake, ndipo a Polikapo adadzimva ngati mnyamata uja woyenda ndi cholembera kukhutu. Adali osangalala, zoona zake.

Ku Gwadani chinsinsi chimakhala chinsinsi mpaka chifike pa Msika wa Tipirire. Tsiku lina akudutsa pamenepo milomo ikugwedera, bambo wogulitsa usipa adawaimitsa.

"A phungu, ife nkhani zozizira timazidziwa, ndi zimene timakulungira usipa. Koma pepala limafika pano chifukwa wina adaligula lili lotentha. Akasiya kugula, usipa tizikulunga ndi chiyani, malamulo?"

"Malamulo ndiye alipo ambiri," adayankha wometa tsitsi wa pafupi, "koma amanunkhitsa nsomba."

Amene sadaseke adali mayi Nasiyani, ogulitsa nzimbe, omwe ankaperekanso nzimbe za Sipikala ku Nyumba ya Malamulo. Adakodola a Polikapo kuti asendere.

"Nzimbe ya tsiku limenelo ndasankha kale," adanong'ona. "Ya kutsinde, yomera pachulu, yosaona madzi. Mbuzi idailuma n'kuisiya. Ife mbali yathu tachita, bambo. Inu mukangonena mawu amodziwo."

A Polikapo adawagwira dzanja ndi manja awiri, misozi ili m'maso, n'kulumbira pamaso pa msika wonse kuti akanena.

Mbiri ija idafikanso kunyumba ya Mfumu, koma idafika itavala zina. Mfumu idauzidwa kuti kuli phungu wina amene wasiya kudya, wasiya galimoto, akungoyendayenda mumzinda kutchula mayina ake. Idakhudzidwa kwambiri. Pa tsiku la msonkhano idabwera yokha kudzamvera, ndi asilikali ake, ndi munthu wonyamula chopondera mapazi. Malo a alendo adadzaza. Kudali Esinati, kudali mayi Nasiyani ndi theka la msika, kudalinso mayi Chisuse atavala chitenje chatsopano.

Sipikala adafunsa ngati alipo wofuna kulankhulapo, monga amafunsira nthawi zonse akuyang'ana kudenga. A Polikapo adaimirira. A Mkutumula adatenga nzimbe ija, n'kuiluma, ndipo nkhope yawo idasintha.

Abale, munthu uja adathamanga. Mayina ankatuluka ngati chimanga chotsika m'chigayo, koma lililonse lomveka bwino, losapotoka. Adadutsa Tate wa Mapasa a Mkutumula akulimbana ndi khoko loyamba. Adadutsa Milatho. Adalowa m'mayina amene aphungu achinyamata adali asadawamvepo, a nthawi ya dzombe, a chaka chimene Mfumu idagonjetsa kadamsana pomuyang'anitsitsa. A Mkutumula thukuta lidali kamukamu, nsagwada zikulira, ndipo pena pake m'kamwa mwawo mudamveka kanthu kuthyoka. A Polikapo adatchula dzina lomaliza n'kutseka pakamwa. M'dzanja la Sipikala mudatsala nzimbe yotalika ngati chala.

Zoterezi zidali zisadachitikepo, ndipo panalibe wodziwa chotsatira. Kalaliki adayang'ana Sipikala, Sipikala adayang'ana nduna, nduna zidayang'ana Mfumu. Mfumu idali kulira.

"Mwana wanga Chisuse," idatero ikupukuta mphuno, "mayina angawa sindidawamvepo onse pamodzi. Ena ndidawaiwala ndi ine ndemwe. Nthawi ikadalipo. Nena chimene chili mumtima mwako."

Mawu aja adali pa lilime penipeni. Ndikukana. A Polikapo adawamva kulemera kwake. Adakweza maso, n'kuona Esinati atatsamira kutsogolo, mayi Nasiyani atagwira pakamwa. Adaonanso asilikali pakhomo, ndi chitenje chatsopano cha akazi awo. Koma tisawanamizire kuti adali mantha okha. Mfumu ya dziko lonse idali kuwayang'ana ndi maso onyowa ngati kuti m'dzikomo mulibenso munthu wina, ndipo zimenezo zidawakomera. Nyuzipepala sidawalirirepo chotero. Pakamwa paja, pamene adapaphunzitsa kutamanda m'mawa ndi masana, padatseguka pokha, ndipo a Polikapo adadzimva akunena kuti:

"Mfumu yanga, ine ndimati... mayina anuwa akuchepa."

Nyumba idapuma. A Polikapo adafuna kuima, koma munthu wotsetsereka pamatope sasankha poimira. Adapitiriza, ndipo poti adali loya, dzina limene adapeka lidatseka mipata yonse.

"Pakusowa limodzi. Woziziritsa Nkhani Zotentha Kuti Ana Ake Asapse Milomo, Lilime, Nkhama, Kummero, Pachifuwa Ngakhalenso M'mimba, Kaya Ali Kumudzi, M'tauni Kapena Paulendo."

A Mkutumula adalavula komaliza, pamodzi ndi dzino. Lamulo Loziziritsa Nkhani lidadutsa popanda wotsutsa. Mfumu idaimirira pa chopondera chake n'kulamula zinthu ziwiri: kuti dzina latsopanolo liikidwe kumapeto kwa malonje, ndiponso kuti chinthu chokoma chotere si chobisa m'Nyumba imodzi, choncho kuyambira tsikulo malonje aziperekedwanso m'makhoti onse, ndipo oweruza apatsidwe nzimbe. A Polikapo atayang'ananso kumalo a alendo, pamene padali Esinati padali popanda munthu.

A Polikapo adachoka ku Nyumbayo pa galimoto yawo ija, magalasi atatseka. Pa Msika wa Tipirire galimotoyo idachedwa chifukwa cha ngolo ya makala, ndipo mawu ankalowa ndithu ngakhale magalasi adali otseka.

"Ati mayina akuchepa," adatero wa usipa uja.

"Adanena zoona," adayankha wometa. "Ifenso tili ndi ena oti timuwonjezere phunguyo."

Mayi Nasiyani sadanene zambiri. Adangoyang'ana galimotoyo n'kuuza amene adali pafupi kuti nzimbe yawo idagwira ntchito yake.

A Polikapo adauza dalaivala kuti akhotere ku Tsabola. Makina adali kulira kale. Esinati adali ataimirira pambali pake akuyang'ana tsamba loyamba, ndipo mutu wake udali wa zilembo zikuluzikulu: PHUNGU WA KU TATOPA WAMALIZA MALONJE, WAWONJEZA ENA.

"Alamu, zimitsani makinawa," adatero a Polikapo. "Nkhani imeneyi ndi yotentha. Akumangani. Ipititseni kwa a Mtontholo, idzatuluke chaka chamawa."

"Mukundiuza ngati loya, ngati alamu anga, kapena ngati mwini nkhani?"

A Polikapo adayang'ana mutu wa nkhani uja.

"Mudandiphunzitsa ndinu," adatero Esinati, "kuti nkhani yoyamba kubisidwa imakhala ya mnzako. Sindidaikemo bodza. Ndalembamonso kuti mudathamanga bwino."

Tsabola adatuluka m'mawa mwake ndipo adatha dzuwa lisadakwere. Masana apolisi adakwera makwerero aja. Atamufunsa Esinati ngati ali ndi loya, adati ali naye, m'banja momwemo, katswiri wa malonje.

A Polikapo adaulandira mlanduwo ndi manja awiri, chifukwa chisoni chidali chitawadya mpaka kuwasowetsa tulo. Adafufuza monga ankachitira kale, ndipo adapeza chimene ankafuna. Pa chisangalalo cha tsiku lija Mfumu idapita kukachita phwando osadinda lamulolo, ndipo idalidinda patapita masiku, Tsabola atatuluka kale. Pamene Esinati ankasindikiza, lamulo lidali lisadakhale lamulo. Chiganizo chimodzi chokha chikadamutulutsa, ndipo ngakhale woweruza wogona akadavomereza. Adathamangira kuchitolokosi kukamuuza.

"Chiganizo chimodzi," adatero Esinati. "Paja ulendo watha adali mawu amodzi."

Tsiku la mlandu khoti lidadzaza mpaka m'mazenera. Mayi Nasiyani adali atachotsedwa pa ntchito yopereka nzimbe chifukwa cha dzino la Sipikala, ndipo nzimbe za boma tsopano zinkachokera kudimba la Mfumu, zofewa, zamadzi, zosenda kale. Woweruza adali mayi wachikulire wodya modekha, wopukuta pakamwa akaluma kulikonse. Woimira boma adanena zake mwachidule, poti iye malonje adapereka kale m'mawa pamodzi ndi nduna. Kenaka woweruza adatenga chidutswa chake n'kugwedezera mutu a Polikapo.

Sadathamangepo chotero chibadwire. Liwiro la ku Nyumba ya Malamulo lija lidali kuyenda chabe. Ulendo uno panalibe Mfumu yowalirira, panalibe chowakomera, padali mlamu wawo yekha ataima m'bokosi la oimbidwa mlandu atavala bulauzi yomwe ija ya inki. Mitsempha ya pakhosi idatupa. Adadutsa Mapasa, Milatho, dzombe, kadamsana. Atatchula dzina limene kale lidali lomaliza adaponya diso kwa woweruza, ndipo mtima wawo udadumpha: padatsala kachidutswa koluma kamodzi, kokwanira bwinobwino chiganizo chimodzi.

Koma malonje adali asadathe.

Adakoka mpweya n'kulowa m'dzina lawo lomwe. Woziziritsa Nkhani Zotentha. Woweruza adaponya kachidutswa kaja m'kamwa. Milomo, Lilime, Nkhama. Adatemberera mumtima loya amene adaika mawu onsewo. Kummero, Pachifuwa. Adali pa Ngakhalenso M'mimba pamene woweruza adaweramira m'mbale n'kulavula, kenaka n'kupukuta pakamwa mwaulemu.

"Poti mbali yoteteza sidanene kanthu," adatero woweruza, "khoti likuona kuti ilibe chonena."

Esinati adagamulidwa kukakhala ku Pumulani mpaka nkhani yake itazizira. Apolisi podutsa naye, a Polikapo adali chiimire pamalo pomwepo, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa ndi agalu, misozi ikutsikira m'kolala. Adafuna kunena kuti pepani, koma mpweya udali utatha. Esinati adaima pang'ono patsogolo pawo n'kuwakonzera tayi imene idapotoka.

"Musalire, alamu," adatero. "Mwasiyira pa M'mimba. Kwatsala Kumudzi, M'tauni ndi Paulendo. Malizani, angakumangeni."

Ndipo a Polikapo Chisuse, mkonzi, loya, phungu wa ku Tatopa Kummwera, adayang'ana apolisi aja, n'kumaliza.